Tsiku limene adzukulu analowa mu tenti ya kolera

M'foni mwanga muli voice note imodzi imene ndakanika kuifufuta. Foni ndasintha kawiri, koma iyoyo ndimasamuka nayo. Anatumiza ndi msuweni wanga wa ku Joni pa gulu lathu la banja la WhatsApp, usiku umene amayi aang'ono anatisiya, mu Januwale 2023. Akulankhula ali wefuwefu, kumbuyo kukumveka magalimoto: "Abale, musalole kuti awaike musanaone thupi. Anthu amenewo akumachotsa ziwalo. N'chifukwa chake akumakulunga m'pulasitiki."

Ndinaimvera m'bandakucha ndili m'minibasi yopita ku Salima, ndipo mkwiyo unandigwira kuposa chisoni. Masiku amenewo boma linali litalamula kuti masukulu a m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre asatsegule kaye chifukwa cha kolera, ndiye ine mphunzitsi ndinangonyamuka osapempha chilolezo kwa aliyense. Njira yonse, kuchokera pa Kanengo mpaka kutsetsereka kulowera kunyanja, ndinkakonza m'mutu zoti ndikawauze anthu akwathu. Mfundo ndinali nazo zokwanira kudzaza bolodi. Tsiku limenelo palibe ndi imodzi yomwe imene inagwira ntchito.

## Aphunzitsi a pa gulu

Nkhondo yanga ndi gulu la banja inayamba nthawi ya Covid. Mukukumbuka zimene zinkayenda: katemera ndi 666, wobayitsa sadzabereka, wobayitsa afa pakatha zaka ziwiri. Wina akangoponya zoterezi, ine ndinkabwera ndi chikalata cha unduna, chithunzi cha a Chakwera akubayitsa ku Zomba, ndi chiphunzitso chachitali chokhala ndi manambala, choyamba, chachiwiri, chachitatu. Mu Meyi 2021 boma litaotcha katemera wa AstraZeneca 19,610 wotha mphamvu pa chipatala cha Kamuzu Central, atolankhani akuonerera, cholinga chinali choti anthu atsimikize kuti sadzabayidwa katemera wakugwa ntchito. Msuweni wanga uja analemba kuti, "Mwaona? Akuotcha umboni." Ndinamuyankha ndi ndime zisanu ndi imodzi. Anangoika kachithunzi koseka.

Amayi aang'ono sankalemba pa gulupo, ankangomvetsera mavoice note pa foni ya mwana wawo. Tsiku lina nditapita kumudzi anandiuza akusenda chinangwa, osandiyang'ana n'komwe: "Iwe ukamalankhula umakhala ngati tonse tavala yunifolomu." Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Katemera wa Covid sanabayitse, ndipo ndikukhulupirira kuti mbali ina chinali chifukwa cha ine.

## Mmene anapitira

Ankagulitsa usipa wouma ndi mandasi pafupi ndi doko. Kutsegula m'mimba kunawayamba usiku. Anati mwina ndi ndiwo za dzulo. Kutacha anatuma mwana kukagula mapilitsi pa golosale, ena anabwera ndi mizu yowiritsa. Zoti apite kuchipatala zinanenedwa, koma kumeneko kunali kutaimikidwa tenti yoyera kuseri kwa mpanda, ndipo mudzi wonse unali utagwirizana kale za tentiyo: wolowamo satulukamo. Ena ankati jakisoni wake ndi wotsiriza munthu. Ena ankati adokotala amalandira ndalama pa mtembo uliwonse wa kolera.

Kolera sadikira kuti banja limalize kukambirana. Munthu amatsegula madzi okhaokha, oyera ngati otsukira mpunga, n'kumasanza, ndipo m'maola ochepa thupi limauma. Mankhwala ake enieni ndi kubwezera madziwo: Thanzi ORS kwa amene angathe kumwa, diripi kwa amene wafooka. Wofika msanga pafupifupi nthawi zonse amachira. Akadaulo amati chithandizo chikakhala chabwino, pa odwala 100 sipafa ngakhale mmodzi wathunthu, kutanthauza kuti imfa zimakhala zosakwana 1 pa 100. Mliri wathu uja unkapha pafupifupi 3 pa 100 alionse.

Amayi aang'ono anawanyamula pa ngolo dzuwa litapendeka, atasiya kulankhula. Anesi anavutika kupeza mtsempha. Pofika usiku anali atapita.

Taonani mmene bodzali limadzidyetsera lokha. Anthu amaopa tenti, ndiye amamusunga wodwala kunyumba mpaka atatsala pang'ono kutsirizika. Akamubweretsa amafera mu tenti. Mudzi umati, "Tinanena ife." Wodwala wotsatira amamusunga nthawi yotalikirapo. Palibe amene akunama mwadala pamenepa. Aliyense akunena zimene waona ndi maso.

## Pa geti

Ndinafika cha m'ma 9 koloko. Pa geti la chipatala panali anthu ochuluka kuposa amene ndinawaonapo pa msika wa Loweruka. Amayi atakhala pansi akulira, abambo ataima m'magulumagulu, anyamata a kudoko atatsamira mpanda, ena miyala ili m'manja, osabisa. Atsibweni, amene ndi mwini mbumba wathu, anaima kutsogolo chipewa chili m'manja, akunjenjemera milomo.

Mlangizi wa zaumoyo, mnyamata woti tonse timamudziwa, amene amayendetsa sikelo ya ana m'mudzi mwathu, ankayesa kufotokoza lamulo. Thupi alikonza okha achipatala. Alikulunga m'pulasitiki. Lichoka pano molunjika kumanda. Kulibe kulowa m'nyumba, kulibe kugona pa siwa, kulibe kuphika nsima ya anamalira. Mawu ake ankamira m'phokoso.

Apa m'pamene ine ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Ndinakwera pa kachiunda ka njerwa n'kuyamba: kuti mtembo wa kolera umakhalabe ndi tizilombo, kuti osambitsa akakagwira chakudya mudzi wonse udwala. Zonsezo zinali zoona. Mnyamata wina anakuwa kuti, "A tauni awa awadyetsa kale!" Anthu anaseka kuseka koipa. Atsibweni ananditembenukira n'kunena motsitsa mawu, "Mphwanga, tsika. Amene wagona umo ndi mlongo wanga."

Ndinatsika.

Ndiye panadzuka agogo ena, mkulu wa adzukulu a m'mudzi mwathu. Ndi munthu wosalankhulalankhula, wa msana wopindika ndi khasu la kumanda. Sanakuwe. Anayenda mpaka pa geti penipeni pamene panaima anesi aakulu, mayi wa msinkhu wapakati amene maso ake ankaoneka kuti sanagone masiku angapo, n'kuwauza kuti:

"Amayi, ine ndakhala ndikuika anthu a mudzi uno kuyambira nthawi ya Kamuzu. Sindinakwirirepo chinthu chimene sindinachione. Mukandipatsa thumba lomanga, anthu awa akadzandifunsa kuti munaika ndani, ndidzati chiyani?"

Panakhala zii. Ine ndinkayembekeza kuti anesiwo abwereza za lamulo, ndipo ndinkadziwa kuti akangotero mwala woyamba uuluka. Anawayang'ana agogowo nthawi yaitali ndithu. Kenaka anayang'ana kumapazi kwawo.

"Agogo, nsapato mumavala saizi yanji?"

## M'kati

Agogowo anati thupi la munthu wamkazi sangalione lonse iwo, pali eni ake a ntchitoyo. Anaitana mayi wina wachikulire amene amasambitsa mitembo ya amayi kwathu, yemwenso ankayenda ndi malemuwo ku Mvano. Onse awiri anawaveka magambuti, epuloni ya pulasitiki, magolovesi ofika m'zigongono ndi zotseka pakamwa. Anaponda m'beseni la klorini n'kulowa. Ife tinatsala kunja tikuyang'ana chinsalu cha tenti chikugwedezeka ndi mphepo ya kunyanja.

Zimene zinachitika m'katimo anandifotokozera pambuyo pake mayi aja, ndipo ndazimva kangapo chifukwa amakonda kuzibwereza. Akuti atangovundukula nsalu mtima unawadumpha. Mnzawo amene anali wonenepa bwino Lamulungu lapitalo anali atafota ngati wadwala chaka. Maso atalowa m'kati. Masaya ataphwa. Zala zitachita makwinya ngati wachapa tsiku lonse. Akuti mumtima anati, "Basi, n'zoona, amupopa."

Anesiwo sanawatsutse, chifukwa mayiwo sanalankhule mokweza. Anangowatenga dzanja n'kuwauza kuti atsine khungu la pamimba pa malemuwo. Khungulo linaima osabwerera. "Mwaona? Madzi onse a m'thupi anathera m'chimbudzi ndi m'masanzi. Maso alipo, tawaonani, angolowa chifukwa kuseri kwake kwauma." Anawalola kuona thupi lonse, kutsogolo ndi kumbuyo, kufunafuna pamene pachekedwa kapena pasokedwa. Panali kabala kamodzi kokha, ka singano ya diripi pa mkono.

Kenaka anawaonetsa thonje lonyika m'klorini limene amatseka nalo m'kamwa, m'mphuno ndi kumunsi kuti madzi otsala asatuluke. Thonje limenelitu ndi limene linabala nkhani yoti achipatala amadula lilime, chifukwa wina anasuzumirapo pa maliro ena n'kuona zoyera m'kamwa. Anesiwo anati, "Ikani ndinu, mayi. Ndi mnzanu." Ndipo anaika okha. Anamupukuta mnzawo ndi madzi a klorini, akuimba pansipansi nyimbo ya ku Mvano. Anapempha kuti amuveke bulauzi yake yoyera ndi duku asanamukulunge, ndipo anesi anavomera. Agogo aja anaitanidwa kudzaona nkhope. Pulasitiki inabwera pamapeto.

Anakhalamo mwina theka la ola. Potuluka anawathira klorini m'magambuti, anasamba m'manja, n'kubwera pa geti. Mayi aja anachotsa chotseka pakamwa, anayang'ana atsibweni, n'kunena mawu amene sindidzawaiwala:

"Achimwene, mlongo wanu ndi wathunthu. Ndamugwira ndi manja angawa. Madzi okha ndiwo anamuthera."

Sindinaone nthawi imene miyala inagwetsedwa pansi. Ndinangozindikira kuti anyamata omwe aja ndi amene akunyamula bokosi. Tinapita molunjika kumanda monga lamulo linkanenera, abusa anapempherera komweko, ndipo nsima sinaphikidwe. Agogo aja ndi amene analengeza zimenezo pamanda, m'mawu awo: "Lero tisiyana opanda kudya. Wamva njala akadye kwawo, asambe m'manja ndi sopo." Palibe anang'ung'udza. Mawu omwewo anali atanenedwa ndi mlangizi m'mawa, anthu n'kufuna kumugenda.

## Chifukwa chake sindiwasekanso

Kwa zaka ziwiri ndinkaganiza kuti vuto la anthu akwathu ndi umbuli, ndipo mankhwala ake ndi kuwauza zoona mobwerezabwereza. Nditamva za khungu loima lija ndinachita manyazi. Munthu amene sanaonepo mtembo wa kolera, n'kuona m'bale wake atafota usiku umodzi, aganize chiyani? Dziko lake ndi lomwe lino limene mu 2017 mphekesera ya anamapopa inayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, anthu osalakwa n'kuphedwa, ogwira ntchito a United Nations n'kuchotsedwa m'maboma ena. Nkhani ya kupopa magazi ndi yakale kuposa WhatsApp. Imangodikira thupi lofota ndi khomo lotseka.

Nanga zoti wina akudyerapo pa matenda? Anesi aja sankalandira kanthu pa mtembo, zimenezo ndi bodza loipa, lopweteka anthu amene ankagwira ntchito usiku ndi usana pakati pa masanzi a eni. Koma amene anayambitsa maganizo oti matenda ndi munda wa ena si anthu a kumudzi. Tonse tinamva pa wailesi mu 2021 za K6.2 biliyoni ya Covid, mmene ina inathera m'maalawansi. Munthu wa kudoko sasiyanitsa bwana wa ku Capital Hill ndi nesi wa pa chipatala chaching'ono. Kwa iye onsewo ndi boma. Ukamuuza kuti "khulupirira boma" wayamba kale kuluza.

Chimene ndinkalephera kuona n'chakuti mudzi uli ndi mboni zakezake. Pa nkhani ya munda, mboni ndi amfumu. Pa nkhani ya mimba, ndi anamkungwi ndi azamba. Pa nkhani ya mtembo, ndi adzukulu. Lamulo la maliro a kolera linali lolondola pa za tizilombo, koma mosadziwa linachotsa mboni pa malo pake, ndipo pa malo opanda mboni aliyense amaikapo nkhani yake. Anesi aja anangoibwezera mboniyo pamalo pake, ataiveka magolovesi. Malangizo enieniwo a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, saletsa achibale kuona thupi kapena kutsata mwambo wawo, bola zichitike motetezeka. Kungoti pa chipatala chokhala ndi anesi owerengeka ndi odwala ogona mpaka pansi, chapafupi n'kumanga thumba n'kutseka geti.

## Pansi pa mtengo wa mango

Patapita masiku atatu amfumu anaitanitsa msonkhano, ndipo ndinakhalira kuti ndiuone. Anauyambitsa ndi mlangizi uja pamodzi ndi agogo a adzukulu, anthu awiri amene sabata yapitayo sakanakhala pa mkeka umodzi.

Ndakhalapo pa misonkhano ya zaumoyo ya m'tauni, ija ya m'malo ogona alendo, ya botolo la madzi ndi kabuku ndi cholembera, yothera pa mzere wosainira alawansi. Kumeneko amaitana amfumu ndi abusa, kuwapatsa uthenga wolembedwa kale, T-shirt, n'kuwauza kuti "mukauze anthu anu." Amautcha mgwirizano. Ine ndimaona ngati kubwereka chimkuzamawu. Amfumu amakanenadi, anthu amaomba m'manja mwaulemu, kenaka amakafunsa kwa amene amamukhulupirira pa nkhaniyo.

Wa pansi pa mango unali wina. Kunabwera ashehe, chifukwa theka la mudzi wathu ndi Asilamu ndipo kwa iwo kuika munthu osamusambitsa ndi nkhani yaikulu kwambiri. Kunabwera abusa awiri, amayi a komiti ya mjigo, tcheyamani wa anyamata a kabaza, wamkulu wa pa doko, ndi asing'anga amene anapereka mizu ija. Kuitana asing'angawo kunali kwa agogo aja. Mlangizi poyamba anakana, koma agogo anati, "Odwala amayamba kwa iwowa asanafike kwa inu. Mukawasiya kunja, ndiye mwasiya khomo."

Chimene chinandidabwitsa n'choti ola loyamba lonse achipatala sanaphunzitse kanthu. Anangomvetsera madandaulo, ndipo ena anali owawa. Mayi wina anati mwana wake atalowa mu tenti anakhala pa geti masiku awiri popanda womuuza ngati ali moyo. Bambo wina anati anamukalipira pamaso pa anthu chifukwa chobwera mochedwa ndi mkazi wake, ngati kuti iye ankafuna. Anesi aakulu aja sanadziteteze. Analonjeza kuti m'mawa ndi madzulo aliwonse wina azituluka pa geti n'kutchula wodwala aliyense ndi mmene alili, ndiponso kuti wodikirira mmodzi azivekedwa zodzitetezera n'kulowa kukamuona m'bale wake. Zinawawonjezera ntchito anthu otopa kale. Ndikuganiza kuti pamenepo m'pamene mudzi unaona kuti nawonso achipatala alipirapo kanthu.

Zotsalazo zinayenda msanga. Adzukulu anayi, amuna awiri ndi akazi awiri, ndi anayi ena osankhidwa ndi ashehe, anaphunzitsidwa kukonza thupi ndi klorini, ndipo maliro alionse a kolera mmodzi wa iwo azilowa. A kabaza anagwirizana kuti wotsegula m'mimba usiku azimunyamula kaye, ndalama pambuyo, amfumu ndiwo mboni ya ngongoleyo. Asing'anga anapatsidwa mapaketi a Thanzi. Sanavomere kuti mizu yawo sigwira ntchito, ndipo palibe anawakakamiza kutero. Anangoti, "Matenda a madzi a mpungawa si a kwathu kuno, ndi obwera. Ndizimumwetsa izi n'kumutumiza." Ine wakale ndikanatsutsa zoti "obwera." Ndinatseka pakamwa.

Pa klorini panali kankhani kakenso. Ankati amene amathira m'zidebe pa mjigo uja ndi mankhwala olera, ndipo abambo akamwa mphamvu za m'nyumba zimatha. Mlangizi anali atatsutsa mpaka kutopa. Tcheya wa komiti ya mjigo, mayi wa ana asanu ndi awiri wa pakamwa posapsa, anati aisiye nkhaniyo m'manja mwake. M'mawa uliwonse ankathira yekha, n'kumwa kapu yoyamba anthu akuona, n'kunena kuti aliyense wokayika akafunse amuna ake ngati kunyumba kwasintha kanthu. Amayi ankagwa nako kuseka, zidebe n'kumatherapo.

Ndipo panali mnyamata wina msodzi amene analowa mu tenti atakomoka n'kutuluka ndi miyendo yake patatha masiku atatu. Anthu ochira anali ambiri kuposa omwalira, kutalitali, koma ankatuluka mwakachetechete, mwamanyazi, chifukwa kolera amati ndi matenda a uve. Maliro amamveka mudzi wonse, kuchira sikumveka. Wamkulu wa pa doko anamutenga mnyamatayo n'kumamuimika madzulo pamene mabwato akunyamuka kuti anene yekha zimene anamuchita m'katimo. Ankanena mwachidule: "Anandiika madzi mabotolo ambirimbiri. Bedi lake ndi lobowola pakati. Ndinachita manyazi, koma ndili pano."

## Zimene sizinatheke

Ndisakunamizeni kuti mudzi wonse unatembenuka. Pali mpingo wina kwathu umene sulola mankhwala a mtundu uliwonse, ndipo atsogoleri ake sanabwere pansi pa mango ngakhale amfumu anatuma nthumwi kawiri. Anaika anthu awo mwakachetechete. Palinso mabanja amene anapitiriza kubisa odwala poopa kuti maliro adzakhala opanda nsima, chifukwa kwathu maliro opanda anthu ogona ndi chipongwe kwa malemu.

Ndipo klorini wa m'chidebe sakumba chimbudzi. Kumchenga kwathu zimbudzi zimagwa mvula iliyonse, mjigo ndi umodzi, anthu ambiri amamwabe ya m'nyanja momwe ena amachapira matewera. Mgwirizano wa pansi pa mtengo sungagule mapaipi. Ndimakwiya ndikamva akuluakulu akulankhula ngati kolera ndi nkhani ya "kusintha kaganizidwe" basi, ngati kuti mayi wotunga m'nyanja ali ndi mpopi kunyumba umene akuukana dala.

Mliri umenewu unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, unafika m'maboma onse, ndipo unadwalitsa anthu pafupifupi 59,000 n'kupha oposa 1,700. Sitinaonepo kolera wotero m'dziko muno. Mu Febuluwale 2023, mwezi womwe a Chakwera anakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera kwa Mgona ku Lilongwe, tinamva pa wailesi kuti ku Balaka anthu aphwanya chipatala china poganiza kuti achipatala ndi amene akufalitsa matendawa. Nditamva ndinakumbuka miyala ija ya pa geti lathu. Sindikuganiza kuti anthu a kumeneko ndi oipa kuposa akwathu. Kwathu kunangopezeka nkhalamba imene inafunsa funso loyenera, ndi nesi amene, pa kutopa kwake konse, anayang'ana kumapazi m'malo moyang'ana m'buku la malamulo. Zinthu zotere siziyenera kudalira mwayi. Zikanayenera kukonzedwa tenti isanaimikidwe, pamene anthu sanapse mtima, adzukulu ndi osambitsa a ku mzikiti atadziwa kale kuti magambuti awo ali pati.

Zida zina zilipo ndipo n'zabwino. Chipatala Cha Pa Foni munthu amaimba ulere n'kulankhula ndi wachipatala m'Chichewa. Ndinawalembera nambala yake amayi a komiti ya mjigo pa khoma la bafa la pa mjigopo. Mawailesi a m'madera amafika kumene nyuzipepala sifika. Koma foni ndi wailesi zimayankha munthu amene wafunsa. Amene watsimikiza kale kuti m'bale wake amudula saimba foni.

## Yankho la ku Joni

Nkhani ya voice note ija ndinaisiya masiku anayi osayankha, chinthu chimene sindinachitepo chiyambire gululo. Zala zinkandiyabwa. Ndinali nditalemba kale ndime zitatu za mmene kolera amaumitsira thupi, n'kuzifufuta.

Tsiku loti ndibwerere ku Lilongwe ndinapita kwa mayi aja osambitsa. Ndinawapeza akupeta mpunga pakhonde. Ndinawamvetsera mawu a msuweni wanga, n'kuwapempha ngati angamuyankhe okha. Anapukuta manja pa chitenje, anaigwira foniyo ndi manja awiri ngati mbale ya ndiwo, n'kuyamba ndi kumutchula dzina lake la ubwana limene ine ndinali nditaliiwala. Anamukumbutsa kuti ndi iwo amene anasambitsa agogo ake. Kenaka anamuuza zonse, za khungu, za maso, za thonje, za bulauzi yoyera. Sanamunene kuti wanama. Anati, "Unachita bwino kudera nkhawa mayi ako uli kutali. Ifenso tinali ndi nkhawa yomweyo, n'chifukwa chake tinalowa." Anamaliza ndi kumufunsa kuti abwera liti kudzaona manda.

Zinatenga mphindi zinayi. Ndinatumiza pa gulu popanda kuwonjezerapo liwu langa.

Anayankha usiku, mzere umodzi: "Ngati aona ndi iwowo, basi." Za katemera wa Covid amakhulupirirabe zake mpaka lero, ndipo mwezi wathawu anaponya kanema wina wa mankhwala ochiza shuga m'masiku asanu ndi awiri. Ndinamuimbira payekha m'malo momuyankha pa gulu. Tinakangana pang'ono, kenaka tinayamba kukamba za mtengo wa feteleza.

M'kalasi mwanga, ndikafika pa mutu wa matenda ofala kudzera m'madzi, ndimaphunzitsabe za lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni ya mchere, poti mayeso amafunsa ndipo tsiku lina zidzapulumutsa wina. Koma ndimayamba ndi kuwafunsa ana kuti kwawo munthu akamwalira amamusambitsa ndani. Ambiri a m'tauni sadziwa. Ndimawapatsa ngati ntchito ya kunyumba.

Pa Khirisimasi yapitayi ndinapita kukaona manda a amayi aang'ono, ndipo pobwerera ndinadutsira kwa agogo a adzukulu. Magambuti aja anawasiyira, ali pakhonde, amapita nawo kudimba. Lakumanzere lang'ambika pa chidendene, amanga ndi lamba wa tayala. Ndikutsanzika anandiitana n'kunena kuti mvula yayamba, ndipo magolovesi amene anawapatsa nthawi ija anatha kalekale. Anati ndikafunse ku Lilongwe kuno ngati amagulitsa aatali aja ofika m'zigongono, mapeyala asanu ndi atatu, anayi awo ndi anayi a kwa ashehe.